Chinzonono chayamba kukana mankhwala, koma amayi ambiri sakupezeka n'komwe

Mu November 2025 bungwe loona za umoyo wa anthu pa dziko lonse la World Health Organisation, lomwe ambiri amangoti WHO, lidatulutsa lipoti lomwe silidamveke kwenikweni m'misika ngakhale pabwalo la bawo, chonsecho likukhudza mabanja ambiri. Lipotilo lidati tizilombo toyambitsa chinzonono tikunka tikukana mankhwala omwe madokotala akhala akuwadalira.

Malinga ndi bungweli, m'chaka cha 2022 tizilombo tosamva jakisoni wa ceftriaxone tinkapezeka mwa odwala osakwana mmodzi pa 100 alionse omwe adayezedwa. Pofika 2024 chiwerengerocho chidakwera kufika pa 5. Mapiritsi a ciprofloxacin, omwe pamsika amangoti Cipro, ndiye adatheratu ntchito kaamba koti tizilombo 95 pa 100 sitikuwamvanso.

Ziwerengerozi zidachokera m'maiko 12 ndipo Malawi ndi limodzi mwa maikowo, pamodzi ndi South Africa komanso Uganda kuno ku Africa. Vutoli lakula kwambiri ku Cambodia ndi Vietnam, koma palibe mlonda amene adabwezapo matenda pachipata cha Songwe kapena Dedza.

Patangotha mwezi umodzi, mu December 2025, boma la America lidavomereza mankhwala awiri atsopano akumwa ochiza chinzonono, zoliflodacin ndi gepotidacin. Iyi ndi nkhani yabwino chifukwa padali patapita zaka zambiri osatuluka mankhwala a mtundu watsopano a nthendayi, ndipo ena mwa odwala omwe adayesedwa zoliflodacin adali a ku South Africa konkuno.

Komabe kwa banja la pa Mponela, Luchenza kapena Jenda, nkhani yagona pena. Mankhwala, kaya atsopano kaya akale, amachiza munthu amene wapezeka ndi matenda. M'dziko muno amene amapezeka mosavuta ndi abambo. Amayi ambiri amakhala nacho chinzonono miyezi ndi miyezi popanda wowayeza, ndipo ndi iwowo amene chimawapweteka koposa.

Chinzonono chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya komwe dokotala wa ku Germany, Albert Neisser, adakatulukira mu 1879. Kamafala pogonana popanda kondomu ndipo kamakhazikika m'njira ya mkodzo, pakhomo la chiberekero, kotulukira chimbudzi ngakhalenso kukhosi. Sikafala pogwirana chanza, kudyera mbale imodzi kapena kulowa chimbudzi chimodzi, ngakhale abambo ena akagwidwa amathamangira kunamizira chimbudzi cha kumalo ogona alendo. WHO idati mu 2020 mokha anthu oposa 82 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 49 adatenga nthendayi pa dziko lonse.

Kwa mwamuna matendawa sachedwa kudziulula. Pakapita masiku awiri mpaka asanu, nthawi zina sabata ziwiri, amayamba kumva kuotcha pokodza ndipo kumatuluka mafinya oyera kapena achikasu. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo zoonadi bambo wotere sadikira kuuzidwa kuti akafune thandizo.

Mayi ndiye alibe chomudzutsa. Theka la amayi omwe ali ndi chinzonono, mwinanso kuposa apo, samva chilichonse. Omwe amamva kanthu amaona chikazi chosintha mtundu, kupweteka pachinena kapena kutaya magazi pang'ono nthawi yomwe sali kumwezi. Ambiri amangoti ndi mauka, n'kukafuna zitsamba kapena kudikira kuti zitha zokha.

Pomwe mayiyo akudikira, tizilombo timakwera kulowa m'chiberekero mpaka m'machubu momwe mumadutsa mazira. Mumatupa, mumachita mafinya, ndipo mukamapola mumatsala zipsera. Zipserazo zikatseka machubu onse awiri, mayiyo sangatengenso pathupi. Zikangochepetsa njira, mimba imatha kukhazikika m'chubu m'malo mwa m'chiberekero, ndipo chubucho chikaphulika mayi amataya magazi m'kati mwakuti popanda opareshoni yachangu amamwalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala amapha tizilombo koma sachotsa chipsera chomwe chachitika kale.

Zotsatira zake zimadzaonekera pabwalo la ankhoswe patapita zaka. Banja lakhala zaka zinayi kopanda mwana, apongozi ayamba kulankhula mophiphiritsa, achibale a kuchimuna ayamba kunong'oneza bamboyo kuti apeze mkazi wina. Pamilandu yotereyi sipamveka wofunsa za jakisoni amene bamboyo adakabayitsa mwakachetechete chaka choyamba cha ukwati. Mlandu umagwera mayi, amene sadauzidwepo kuti adali ndi matenda.

Naye mwamuna wozengereza sapulumuka. Machende amatha kutupa, njira ya mkodzo imatha kuchepa mpaka kumavutika pokodza, ndipo ena amasiya kubereka.

Khanda nalo lili pa chiopsezo. Likamabadwa kwa mayi amene ali ndi chinzonono, tizilombo timalowa m'maso. Pakatha masiku awiri mpaka asanu zikope zimatupa ndipo m'maso mumatuluka mafinya ambiri. Kuchedwa pang'ono, mwanayo akhoza kuchita khungu moyo wake wonse. N'chifukwa chake anamwino amapaka mankhwala a tetracycline m'maso mwa mwana akangobadwa, chinthu chomwe wobadwira pakhomo kapena panjira amachiphonya. Kukamira mkaka wa m'mawere m'maso otere, monga ena amalangizira, n'kutaya nthawi. Mwanayo, mayi ake ndi bambo ake onse amafunika chipatala tsiku lomwelo.

Nanga bwanji amayi sayezedwa? Yankho lili m'ndondomeko yomwe dziko lino lidayamba kutsata mu 1993. Munthu akapita kuchipatala chaching'ono ndi vuto la kumaliseche, dokotala kapena namwino amamufunsa mafunso, kumuona, n'kumupatsa mankhwala molingana ndi zizindikiro zake popanda kudikira labotale. Bambo wotuluka mafinya amalandira mankhwala a matenda angapo nthawi imodzi: jakisoni wa chinzonono, mapiritsi a doxycycline a masiku 7 olimbana ndi nthenda ina yofanana nacho yotchedwa chlamydia, komanso metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl.

Ndondomekoyi sidabwere mwaulesi. Malabotale adali ochepa, ndipo wodwala wochokera mtunda wautali akauzidwa kuti adzabwerenso mkuja kudzamva zotsatira, kawirikawiri sabweranso. Kuchiza tsiku lomwelo kudapulumutsa anthu ambiri. Kafukufuku wa m'chigawo cha Mwanza ku Tanzania, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1995, adaonetsa kuti m'midzi momwe matenda opatsirana pogonana ankachizidwa bwino mwanjira imeneyi, chiwerengero cha otenga HIV chidatsika ndi pafupifupi 40 pa 100.

Kwa abambo njirayi imalasa bwino chifukwa mafinya a m'njira ya mkodzo nthawi zambiri amakhaladi chinzonono kapena chlamydia. Kwa amayi imaphonya mbali zonse ziwiri. Chikazi chachilendo kawirikawiri chimayamba ndi zinthu zina, zambiri zosachokera n'komwe kwa mwamuna, ndipo m'madera a kunyanja likodzo nalo limabweretsa zizindikiro zosokoneza. Choncho amayi ena amabayidwa jakisoni wa nthenda yomwe alibe, n'kubwerera kunyumba akukayikira amuna awo popanda chifukwa. Pomwe mayi amene alidi ndi chinzonono koma sakumva kanthu safika n'komwe pakhomo la dokotala.

Ena angaganize kuti kusikelo zonse zimaoneka. Amayi oyembekezera amayezedwadi HIV ndi chindoko pogwiritsa ntchito dontho la magazi a pachala, koma chinzonono sichioneka m'dontho limenelo. Chimafuna mkodzo kapena chinyezi chotengedwa kumaliseche. Mayi akhoza kuyenda sikelo miyezi yonse, buku lake la kuchipatala lili bwinobwino, nthenda ili m'thupi.

Makina oyezera alipo. M'zipatala zambiri za m'maboma muli makina otchedwa GeneXpert, omwe adabwera kudzathandiza kupeza chifuwa chachikulu cha TB. Makina omwewo akhoza kupeza chinzonono ndi chlamydia mumkodzo pa mphindi pafupifupi 90, ndipo kuyambira 2021 WHO yakhala ikulimbikitsa maiko kuti komwe n'kotheka aziyeza kaye asadapereke mankhwala. Vuto ndi ndalama. Wodwala aliyense amafuna kachipangizo kakekake kogwiritsa ntchito kamodzi kokha, kogulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino lakhala likuzisowa. Makinawo amakhalanso otanganidwa ndi makhololo a TB ndi magazi a HIV, ntchito zomwe zimadalira kwambiri thandizo la maiko akunja, thandizo lomwe lidagwedezeka pomwe boma la America lidaimitsa ndalama zake zambiri mu January 2025.

Chiyembekezo china chili pa kachipangizo kotchipa kofanana ndi koyezera malungo. Kena kotere kadayesedwa ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2024 zidaonetsa kuti kamapeza odwala oposa 9 mwa 10 alionse, abambo ndi amayi omwe. Katati kafike pazipatala zing'onozing'ono, kangasinthe zinthu kuposa mankhwala atsopano aja, koma kuchoka pa kafukufuku kufika pa tebulo la namwino wa kumudzi ndi ulendo wa zaka.

Mbiri ya mankhwala a chinzonono ikuonetsa chifukwa chomwe akatswiri akudera nkhawa. M'zaka za m'ma 1930 kudabwera mankhwala a sulfa, koma sadakhalitse. Penicillin adalowa m'malo m'ma 1940 ndipo adagwira ntchito mpaka 1976 pomwe kudapezeka tizilombo tomuphwanya. Tetracycline adagonja m'ma 1980, ndipo dziko la America lidasiya kudalira ciprofloxacin mu 2007. Mu 2018 ku England kudapezeka bambo amene chinzonono chake chidakana ceftriaxone ndi azithromycin yemwe, mwakuti adachira atabayidwa mankhwala ena amphamvu odzera m'mitsempha kwa masiku angapo.

Malawi ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre adayerekeza mankhwala angapo pa abambo odwala nthendayi. Bactrim adalephera kuchiza ambiri pomwe jakisoni wa gentamicin adachiza oposa 9 mwa 10 alionse, ndipo adali wotchipa. Kuyambira 1993 jakisoni mmodzi wa mamiligalamu 240 a gentamicin ndiye adakhala chida chachikulu, pomwe maiko ambiri ankagwiritsa ntchito mankhwala ena. Mu 2007 ofufuza a ku Lilongwe adapeza kuti gentamicin adali akugwirabe ntchito pomwe penicillin ndi tetracycline adali atafooka kwambiri.

Zinthu zidadzasintha. Kafukufuku wa pachipatala cha Bwaila, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2022, adapeza kuti abambo ena adali ndi tizilombo tamoyo patatha sabata chibayidwireni gentamicin, ndipo mwa ena tidali tizilombo tomwe tija osati tatsopano. Ku England nako kafukufuku wa 2019 adali ataonetsa kale kuti gentamicin amachiza odwala 91 pa 100 pomwe ceftriaxone amachiza 98, ndipo kuti gentamicin amalephera kwambiri tizilombo tikakhala kukhosi.

Padakalipano WHO imalangiza jakisoni mmodzi wa galamu imodzi ya ceftriaxone, malinga ndi malangizo ake a 2024. Ameneyu ndi jakisoni yemweyo amene m'mawodi amapulumutsa ana odwala chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Ndiyenso amene lipoti la mu November lija likuti wayamba kugwedezeka.

Kafukufuku wofuna kudziwa ngati mankhwala akugwirabe ntchito amafuna kuti tizilombo timeretsedwe m'labotale, ntchito yomwe malabotale ochepa okha m'dziko muno angaikwanitse. Ndipo pafupifupi nthawi zonse amatengera pa abambo obwera okha ndi mafinya. Ngakhale m'mabuku a akatswiri, amayi sakuonekamo kwenikweni.

Tizilombo sitingoyamba tokha kukana mankhwala. Timaphunzitsidwa, ndipo sukulu yake yaikulu ili pamsika. Bambo wamanyazi, poopa kuonedwa pamzere wa kuchipatala ndi mnansi kapena mkulu wa mpingo, amapita kwa venda n'kugula makapisozi atatu kapena anayi olingana ndi ndalama yomwe ili m'thumba. Wogulitsayo sadziwa nthenda, sadziwa mlingo, ndipo mankhwala ake atha masabata ali padzuwa. Mlingo woperewera umapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, ndipo tolimbato ndi tomwe timaswana n'kupita kwa munthu wina. Choipa kwambiri n'chakuti mafinya amatha kuchepa, bamboyo n'kumayesa wachira pomwe akufalitsabe.

Malamulo a dziko lino salola kugulitsa mankhwala a mtunduwu popanda kalata ya dokotala, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti izi zikutsatidwa. Koma aliyense amene adayendapo pa tsiku la msika akudziwa kuti makapisozi amayalidwa pafupi ndi sopo ndi machesi. Kuthamangitsa mavenda kokha sikungathetse vutoli ngati wodwala akafika kuchipatala cha boma, komwe thandizo ndi laulere, amauzidwa kuti mankhwala atha kapena amafunsidwa za vuto lake anthu ena akumva.

Nawo olandira mankhwala oyenera ali ndi mbali yawo. Jakisoni amathetsa ululu pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo apa m'pomwe ambiri amasiyira doxycycline n'kusunga otsalawo kuti adzathandize ulendo wina. Ena amagawira mayi a kunyumba mapiritsi otsalawo powanamiza kuti ndi a m'mimba. Uku si kuchiza. Mayiyo sadabayidwe jakisoni, mlingo sudakwane, ndipo ngati ali woyembekezera doxycycline ndi woletsedwa kwa iye. Kuchipatala akadamupatsa mankhwala ena oyenera.

Apa ndi pomwe kapepala kena kakang'ono kamakhala kofunika kuposa makina onse. Wodwala matenda opatsirana pogonana akathandizidwa, achipatala amamupatsa kakalata koti akapereke kwa aliyense amene wagona naye m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Wobwera ndi kakalatako amalandira mankhwala ngakhale asakumva chilichonse. Poti kuchipatala chaching'ono kulibe choyezera, kakalatako ndiko njira yokhayo yomwe mayi wopanda zizindikiro angadziwikire. Bambo akakang'amba panjira kapena kukabisa m'thumba la jekete, wachotsa mwayi wokhawo umene mkazi wake adali nawo. Wadzipwetekanso yekha, chifukwa chinzonono sichisiya chitetezo m'thupi. Sabata yamawa adzachitenganso m'nyumba mwake momwe, n'kumadandaula kuti jakisoni wa masiku ano ndi madzi.

Kuti makalata ambiri safika si nkhambakamwa. Ofufuza a ku Lilongwe adayesapo izi pa anthu omwe adangopezeka kumene ndi HIV m'zipatala za matenda opatsirana pogonana. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2011 zidaonetsa kuti wodwala akasiyiridwa yekha ntchito youza mnzake, abwenzi 24 okha pa 100 ndiwo ankabwera. Achipatala akathandizapo kufikira abwenziwo mwachinsinsi, ankabwera 51. Phunziro lake likugwiranso pa chinzonono: kungopereka kapepala n'kutsanzikana ndi wodwala n'kosakwanira.

Sikuti onse obisa kakalata ndi ouma mtima. Mayi amene wapezeka ndi matenda, n'kupatsidwa kakalata koti akapatse bambo a kunyumba, amadziwa kuti akhoza kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pomuganizira kuti ndiye wabweretsa nthenda, ngakhale adaitengera pamphasa ya m'nyumba momwemo. Wotereyu ali ndi ufulu wouza namwino za mantha akewo kuti apeze njira ina, monga kuwaitana onse awiri n'kuwafotokozera pamodzi. Achipatala sakhala ndi njira yodziwira amene adayamba kudwala, ndipo si ntchito yawo kuweruza. Bambo amene ali ndi chibwenzi cha mseri nayenso ayenera kutenga makalata awiri, chifukwa kuchiza kunyumba kokha n'kusiya chitsime cha matenda chili chitsegukire.

Pali chifukwa china chomwe chinzonono sichiyenera kutengedwa ngati nthenda ya masewera, ndipo umboni wake udapezeka konkuno. Mu 1997 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Myron Cohen wa ku yunivesite ya North Carolina lidalengeza zomwe lidapeza pa abambo a ku Lilongwe omwe adali ndi HIV. Omwe adali ndi mafinya m'njira ya mkodzo adali ndi kachilombo ka HIV kochuluka kasanu n'katatu mu umuna wawo poyerekeza ndi omwe adalibe, ndipo atachizidwa kachilomboko kadatsika kwambiri m'masabata awiri. N'chifukwa chake aliyense wopezeka ndi chinzonono amalangizidwa kuyezetsanso HIV ndi chindoko tsiku lomwelo.

Katemera weniweni wa chinzonono kulibe. Dziko la England lidayamba mu August 2025 kubaya anthu omwe ali pa chiopsezo chachikulu katemera wa matenda oumitsa khosi amene amatetezako pang'ono ku chinzonono, anthu 30 mpaka 40 pa 100. Kwa ena onse kondomu ikadali chitetezo chodalirika.

Wolandira mankhwala ayenera kumaliza mapiritsi onse ndi kupewa kugonana kwa masiku 7, komanso mpaka mnzake atamaliza ake. Zizindikiro zikapitirira patatha sabata, abwerere kuchipatala komweko osati kwa venda, chifukwa odwala obwereranso ndi amene amathandiza madokotala kudziwa msanga kuti mankhwala ayamba kufooka.

Mayi amene wamva kuti bambo a kunyumba adakabayitsa jakisoni wa matendawa, kapena wapeza mapiritsi obisidwa m'chikwama, sayenera kudikira kakalata komwe mwina kadang'ambidwa kale. Akhoza kupita yekha kuchipatala cha boma, cha mishoni kapena ku Banja La Mtsogolo n'kuuza namwino kuti mwamuna wake adathandizidwa matenda opatsirana pogonana, ndipo ngati ali woyembekezera anene msanga kuti amusankhire mankhwala oyenera.